Kugula boti lakale lokhala ndi chipinda: zofunika kuona ndalama zisanatuluke

Boti limene pa Chingerezi amalitcha cabin cruiser ndi boti la injini lokhala ndi chipinda chogona chakutsogolo kwake, ndipo kawirikawiri limakhalanso ndi kakhitchini, chimbudzi ndi malo a woyendetsa. Ang'onoang'ono amayambira pa mamita 6 kapena 7 m'litali ndipo amakokedwa ndi galimoto pangolo. Akuluakulu amafika mamita 12 kapena kuposa, ndipo amakhalira m'madzi chaka chonse. M'dziko muno maboti otere amaoneka makamaka ku Mangochi, Monkey Bay, Cape Maclear, Senga Bay ndi Nkhata Bay, kumene amanyamula alendo opita kuzilumba monga Thumbi, Domwe ndi Mumbo. Latsopano ndi lodula kwambiri, choncho wogula wa kuno amakonda kuyang'ana ogwiritsidwa kale ntchito, kaya kwa mnzake wa kunyanja kapena ku South Africa, kumene msika wa maboti ndi waukulu.

Apa ndiye pagona nkhani. Galimoto yakale ikafa pamsewu wa M1, mwini wake amatsika n'kudikira makaniko pansi pa mtengo. Boti likafa pakati pa Nyanja ya Malawi, imene ndi yaitali makilomita oposa 560 ndipo pena kuya kwake kumafika mamita 700, palibe potsikira. Komanso zimene wogulitsa amayamba kuonetsa, monga mipando yofewa, wailesi, firiji ndi kunyezimira kwa thupi la boti, ndizo zotsika mtengo kukonza. Zodula, zimene zingamize boti, zimakhala zobisika pansi pa zonsezi. Mwambi wa chikomekome cha mkuyu umagwira ntchito ndithu pa malonda awa, ndipo nyerere zake ndi madzi amene analowa kale m'malo amene sayenera kukhala.

Thupi la boti

Kuyambira zaka za m'ma 1960, maboti ambiri a mtundu uwu amapangidwa ndi fibreglass, ulusi wagalasi womangidwa ndi guluu wolimba, ndipo kunja kwake amaphimba ndi chikopa chosalala chotchedwa gelcoat. Fibreglass siola, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri amaganiza kuti boti lotere silikalamba. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mkati mwa fibreglass ya maboti ochuluka, makamaka akale, muli matabwa. Khoma la kumbuyo limene limanyamula injini, lotchedwa transom, nthawi zambiri ndi plywood yokutidwa mbali zonse ziwiri. Nthiti zazitali zimene zimayenda pansi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, zotchedwa stringers, nazonso zimakhala ndi thabwa mkati. Chimodzimodzi pansi popondapo.

Madzi amalowa kudzera m'mabowo a mabawuti. Aliyense amene anamangirira makwerero, kachipangizo koyezera kuya kwa madzi kapena injini yatsopano popanda kumata bwino bowo lake anatsegulira madzi khomo. Thabwa likanyowa mkati mwa fibreglass siliumanso, chifukwa mpweya sufikako. Limaola pang'onopang'ono kwa zaka, kunja kukuwala ngati kale.

Pa chifukwa ichi boti liyenera kuonedwa lili kumtunda. Mmisiri amatenga kanyundo ka pulasitiki n'kumagogoda transom yonse, pang'onopang'ono, kuyambira m'mwamba mpaka pansi. Pabwino pamalira mokweza ndi momveka. Poola pamamveka phokoso logontha, longa la dzungu lofewa. Pa boti la injini yakunja, mmisiri amakweza mwendo wa injiniyo n'kuukanikiza pansi ndi thupi lake lonse uku wina akuyang'ana khomalo. Likapindika ngakhale pang'ono, kapena ming'alu ya m'makona ikatseguka n'kutsekeka, mkati mwatha. Mizere yofiirira yotsika kuchokera pa mabawuti ndi chizindikiro china: ndi madzi a thabwa loola. Ngati wogulitsa alola, kumasula bawuti imodzi ya m'munsi kumathetsa mkangano, pakuti chimene chituluke m'bowolo ndi utuchi wouma kapena phala lakuda lonyowa. Amisiri ena ali ndi makina oyezera chinyezi, koma makinawo amanamiza ngati boti langotuluka kumene m'madzi, ndiye ndi bwino kuti liyambe lakhala kumtunda masiku angapo.

Pansi popondapo amayesa ndi mapazi, opanda nsapato, akuponda paliponse, makamaka mozungulira mipando ndi pakhomo la chipinda. Malo ofewa ngati matilesi sakhala okha. Kawirikawiri amasonyeza kuti nthiti za pansi pake nazonso zanyowa, ndipo kukonza nthiti kumafuna kuchotsa injini, thanki ndi pansi ponse. Pa boti laling'ono lakale ntchito imeneyi imatha kuposa mtengo wa botilo. Kapeti yatsopano pa boti la zaka 25 iyenera kubweretsa funso, osati chimwemwe.

Sikuti chilema chilichonse n'choopsa. Timing'alu topyapyala tonga ukonde wa kangaude pa gelcoat timapezeka pa maboti ambiri akale ndipo nthawi zambiri ndi ta pamwamba chabe. Ming'alu yofunika kuiopa ndi yaitali yotsatira mzere wa nthiti, ndi ija ya pamene transom imakumana ndi mbali za boti. Palinso matuza amene amatuluka kunsi kwa boti limene lakhala m'madzi zaka zambiri. Madzi amadutsa mu gelcoat n'kusakanikirana ndi zotsalira za guluu, ndipo thuza likaboola limatulutsa madzi onunkha ngati viniga. Matuza ochepa ndi ang'onoang'ono ndi nkhani yotsitsira mtengo. Akakhala aakulu ngati chikhatho ndi ofalikira ponseponse, kunsi konse kumafunika kusendedwa, kuumitsidwa kwa miyezi ndi kukutidwanso.

Maboti ochokera ku South Africa ali ndi chinthu chinanso. Malamulo a kumeneko amafuna kuti boti laling'ono likhale ndi zoyandamitsa mkati mwa thupi lake kuti lisamire ngakhale litadzaza madzi, ndipo ambiri amaikamo fomu yolimba kapena mabotolo apulasitiki otsekedwa. Fomu ikakalamba imamwa madzi, ndipo chimene chinayenera kuyandamitsa boti chimasanduka katundu wolemera makilogalamu mazana. Njira yosavuta yodziwira ndi kukweza boti ndi ngolo yake pa sikelo ya magalimoto, kuchotsera kulemera kwa ngolo, injini ndi mafuta, n'kuyerekeza chotsalacho ndi kulemera kumene kampani yopanga botilo inalemba.

Injini

Pa boti lakale injini imatha kutenga theka la mtengo wonse. Mitundu yake ilipo itatu: yakunja yopachika pa transom, yamkati yopititsa mphamvu ku propela kudzera pa mtanda wodutsa pansi pa boti, ndi ya pakatikati yotchedwa sterndrive, imene injini imakhala mkati koma mwendo wake kunja. Maina odziwika pa mtundu wachitatuwu ndi MerCruiser ndi Volvo Penta.

Wogula ayenera kufika injini isanalizidwe tsiku limenelo, ndipo agwire ndi dzanja kuti atsimikize kuti ndi yozizira. Injini yotopa imavuta kulira ikazizira koma imadzuka msanga ikatenthedwa, ndipo ogulitsa amadziwa zimenezi. Utsi wabuluu wosatha pa injini ya four-stroke umasonyeza kuti ikuwotcha oyilo. Woyera wochuluka umene sukutha injini itatentha umasonyeza madzi m'masilinda. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, kaya pa ndodo yoyezera kapena m'giyabokosi ya kunsi kwa mwendo, ndiye kuti wasakanikirana ndi madzi. Kenaka makaniko achotse mapulagi n'kuyeza mphamvu ya mpweya mu silinda iliyonse. Chofunika kwambiri ndi kufanana kwa manambala: silinda imene yatsika kuposa 10 peresenti poyerekeza ndi zinzake ili ndi vuto.

Boti siliwerenga makilomita, limawerenga maola. Amisiri amawerengera kuti boti longosangalalira limayenda maola 50 mpaka 100 pachaka, kuti injini yamkati ya petulo imafuna kuphwasulidwa ikayandikira maola 1,500, pamene ya dizilo yosamalidwa bwino imatha kudutsa maola 5,000. Koma kawotchi ka maola kamasinthidwa mosavuta. Injini zamakono zimasunga maola enieni m'kakompyuta kake, pamodzi ndi mbiri ya nthawi zimene zinatentha kwambiri, ndipo makaniko wokhala ndi chipangizo choyenera amatha kutulutsa zonsezo papepala. Maola ochepa kwambiri nawo si chinthu chonyadira. Injini imene yagona zaka zitatu m'galaja imakhala ndi mafuta owonongeka m'mapayipi, malabala ouma ndi dzimbiri m'masilinda.

Funso lofunika kulifunsa msanga ndi lakuti botilo linkayenda m'madzi otani. Injini zambiri za maboti zilibe radiyeta. Zimadziziziritsa ndi madzi amene boti likuyendamo. La ku Durban kapena Cape Town lakhala likumwa madzi amchere, amene amadya zitsulo za ekizozi kuchokera mkati. Zitsulo zimenezo zikaboola, madzi amabwerera m'masilinda n'kupha injini yonse, ndipo kunja sikuoneka kanthu kupatula mzere wa dzimbiri pa mfundo. Pa boti la m'madzi amchere zitsulozi zimasinthidwa pakapita zaka zowerengeka, choncho wogula afunse malisiti. La ku Vaal Dam kapena Hartbeespoort lilibe vuto limeneli.

Pa sterndrive pali kachinthu kamene kamiza maboti ambiri ali pa doko: malabala opindikapindika amene amatseka bowo lalikulu pamene mwendo umadutsa mu transom. Labala limeneli likang'ambika, madzi amalowa usiku wonse. Amaliona potembenuzira mwendo mbali imodzi mpaka kumapeto n'kuunika ndi tochi m'makwinya ake. Kunena mosabisa, pa Nyanja ya Malawi sterndrive ndi chisankho chovuta. Zipangizo zake zimayenera kuitanitsidwa kunja, ndipo amakaniko oidziwa ndi ochepa, pamene injini zakunja, makamaka za Yamaha, zimadziwika m'madoko ambiri a asodzi. Boti la injini ziwiri zakunja limadya ndalama zambiri pokonza, koma imodzi ikafa pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma inayo imafikitsa anthu kumtunda.

Moto, mpweya ndi mabowo

Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya. M'galimoto imagwa pansi n'kuuluka; m'boti imatsikira m'munsi mwa thupi n'kukhala momwemo kudikira kamoto kamodzi. N'chifukwa chake boti la injini yamkati ya petulo limakhala ndi fani yotulutsa mpweya, imene imayenera kuyatsidwa mphindi 4 injini isanalizidwe. Wogula atsegule chivundikiro cha injini n'kununkhiza. Fungo la petulo limatanthauza payipi yong'ambika kapena thanki yoboola, ndipo thanki ya aluminiyamu imakonda kuboola kunsi, kumene imagona pa fomu yonyowa ndipo diso silifikako. Alitaneta kapena sitata ya galimoto yoikidwa pa injini ya boti ndi ngozi ina, chifukwa za boti zimapangidwa motseka kuti zisatulutse moto. Amakaniko ofuna kupulumutsa ndalama amachita zimenezi kawirikawiri.

Chipinda chogona chili ndi ngozi yakeyake. Ekizozi yotayikira kapena jenereta imatha kudzaza chipinda ndi carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Boti lopanda alamu ya mpweya umenewu liikidwe alamu munthu asanagonemo.

Bowo lililonse la pansi pa mzere wa madzi, kaya ndi la chimbudzi, la sinki kapena loziziritsira injini, liyenera kukhala ndi mpopi wotseka umene dzanja lingatembenuze. Wouma ndi dzimbiri ndi wopanda ntchito pa tsiku limene payipi yaphulika. Pampu yotulutsa madzi iyesedwe pothira ndowa zingapo m'munsi mwa boti kuti ioneke ngati ikudzuka yokha. Mawaya obiriwira ndi dzimbiri, olumikizidwa pongopota ndi tepi, amafotokoza bwino mmene eni akale ankasamalira zonse.

Za m'chipinda momwemo sizifuna nthawi yambiri. Makatani, matilesi ndi mbaula zimasinthidwa mosavuta. Chofunika ndi fungo la chuku ndi mizere ya madzi pansi pa mawindo, pakuti madzi olowa pa windo amathera m'matabwa a denga.

Pamadzi

Kuliza injini pangolo ndi payipi ya madzi sikuonetsa zambiri, chifukwa injini ilibe katundu. Boti liyenera kuyenda pamadzi kwa ola lathunthu, litanyamula anthu ofanana ndi amene lizidzanyamula. Woyendetsa atsegule mphamvu zonse kwa mphindi zingapo uku akuyang'ana geji ya liwiro la injini ndi ya kutentha. Buku la injini iliyonse limatchula liwiro loyenera. Pa injini zambiri zakunja za four-stroke ndi pakati pa 5,000 ndi 6,000 pa mphindi. Injini yolephera kufika pamenepo ndi yotopa, kapena ikukoka boti lodzaza madzi, kapena ili ndi propela yolakwika. Giya ilowe kutsogolo ndi kumbuyo mosakakamira, chiwongolero chizungulire mofanana mbali zonse, ndipo pobwerera wogula ayang'anenso m'munsi kuti aone madzi amene alowa pa ulendowo.

Malo oyesera ali ndi gawo lake. Injini imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 alionse okwera kuchokera pa nyanja yamchere. Vaal Dam ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, pamene Nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500. Boti la ku Gauteng limakhala ndi propela yosankhidwira mpweya wopepuka wa kumeneko, ndipo likafika ku Mangochi injini imatha kupitirira liwiro lololedwa. Propela ina iyenera kulowa m'bajeti.

Koposa apo, boti la padamu silinapangidwire mwera. Mphepo imeneyi imawomba kuchokera kummwera chakum'mawa m'miyezi yozizira, ndipo poti imayenda kutsata utali wa nyanja, imautsa mafunde aatali ndi otsatizana pafupipafupi. Boti la kunsi kophwatalala limathamanga bwino pamadzi abata koma limamenya mafunde otere mpaka kumasula mabawuti. Loyenera ndi la kunsi kosongoka ngati chilembo cha V, kopendekeka madigiri 20 kapena kuposa chakumbuyo, la mbali zazitali, ndiponso la pansi potulutsa lokha madzi a mafunde. Denga lachitsulo lowonjezera kapena malo okhala pamwamba pa chipinda, zimene mwini wina anamangapo yekha, zimakweza kulemera m'mwamba ndipo boti limagwedezeka mochedwa kubwerera. Nyanjayi ili ndi mbiri pa nkhani imeneyi: pa 30 July 1946 sitima ya MV Vipya inagubuduzika m'namondwe pafupi ndi Florence Bay, kumene lero ndi ku Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Kulemera kwa kumtunda kwa sitimayo kunali pakati pa zifukwa zimene zinatchulidwa.

Zikalata za ku South Africa zimathandiza pano. Bungwe la South African Maritime Safety Authority limaika maboti ang'onoang'ono m'magulu malinga ndi mtunda umene angapite kuchokera kugombe. Gulu R ndi la madzi a kumtunda ndi otetezeka monga madamu, E ndi la mailosi imodzi ya panyanja, D mailosi 5, C mailosi 15, ndipo B mailosi 40. Magulu amenewa sagwira ntchito ngati lamulo kuno, koma amauza wogula za madzi amene botilo linavomerezedwa kuyendamo. La gulu R ndi losayenera kuwolokera ku Likoma.

Zikalata ndi ulendo wobwera nalo

Maboti opangidwa ku America kuyambira 1972 ali ndi nambala ya zilembo 12 yodindidwa kumtunda kwa transom, kudzanja lamanja. Pa opangidwa kuyambira 1984, manambala awiri otsiriza ndiwo chaka cha mtundu wa botilo. A ku Ulaya ali ndi ya zilembo 14. Nambala ya thupi, ya injini ndi ya ngolo ziyenera kufanana ndi za papepala, ndipo nambala yofufutidwa kapena yopakidwa penti ndi chifukwa chokwanira chosiyira malondawo. Wogula atsimikizenso kuti botilo silili pa ngongole ya banki. Ngati linalowa kale m'dziko muno, aone zikalata za Malawi Revenue Authority zosonyeza kuti msonkho unaperekedwa. Ngati akuliitanitsa yekha, afunse za msonkhowo asanalipire kalikonse kwa wogulitsa. Lisanayambe kunyamula anthu, liyenera kulembetsedwa ndi kuyenderedwa ndi nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi, malinga ndi lamulo la Inland Waters Shipping Act la 1995.

Mmisiri woyendera boti asankhidwe ndi kulipidwa ndi wogula, asakhale mnzake wa wogulitsa. Chikole chilichonse chilembedwe papepala lonena kuti chidzabwezedwa ngati kuyendera kapena kuyesa pamadzi kwapeza vuto lalikulu. Pa bajeti pakhalenso mafuta: injini ya petulo ya mphamvu za akavalo 200 imamwa malita oposa 70 pa ola ikatsegulidwa yonse.

Ngolo nthawi zambiri imaiwalika, chonsecho ndiyo idzanyamule boti kuchokera ku Johannesburg kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza. Imalowa m'madzi nthawi iliyonse boti likatsitsidwa, ndiye mabering'i, mabuleki ndi zitsulo zake zimaonongeka msanga. Matayala ake sakutha mapazi koma amakalamba ndi dzuwa. Manambala anayi a pambali pa tayala amanena msinkhu wake: 2317 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2017. Boti lotambalala kuposa malire a pamsewu limafuna chilolezo chapadera m'dziko lililonse limene lidutse.

Likafika, pali ntchito ziwiri lisanakhudze nyanja. Yoyamba ndi kusintha tizitsulo timene timamangidwa pa mwendo wa injini kuti dzimbiri lizidya ito m'malo mwa injini. Ta zinc, timene timaikidwa pa maboti a m'madzi amchere, timaphimbika n'kusiya kugwira ntchito m'madzi opanda mchere. Ta kuno ndi ta magnesium. Yachiwiri ndi kutsuka boti ndi ngolo, kukhuthula madzi onse a m'munsi ndi m'mapayipi, n'kuliumitsa padzuwa masiku angapo. Hartbeespoort Dam ndi yodzaza ndi namasupuni, udzu womwe uja wavutitsa mtsinje wa Shire, ndipo mbewu zake, tinkhono ndi mazira a zamoyo zachilendo zimabisala m'ngolo ndi m'madzi otsalira. Zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo zili mkati mwa Lake Malawi National Park, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984 kaamba ka mbuna ndi nsomba zina zosapezeka kwina kulikonse.